Ndiione Kaye Ikudya

Nsomba ya malume inafa iwo ali m'chipatala. Ndinaipeza ndine m'mawa, ndikukonzekera kupita kuntchito, itagona cham'mbali kuseri kwa mwala, kankhanu kofiira ka m'thankimo katayamba kale kuizungulira. Ndinaima pamenepo jekete lili paphewa limodzi, ndipo kunena zoona chimene chinabwera m'mutu mwanga si nsombayo ayi. Ndinaganiza za bipi ya malume.

Ndimakhala ndi malume ndi akazi awo, amene ndimangowatchula kuti anti, m'fulati ya lendi ku Ilford. Malume ndi mlongo wawo wa mayi anga, ndipo ndi iwo amene ananditenga ku Ndirande ndili wamng'ono kuti ndidzaphunzire kuno kutsidya kwa nyanja. Sukulu sindinaimalize. Mtima wanga ndi wapachala, munthu akandiyankhula mondiderera manja amafika msanga kuposa pakamwa, ndiye aphunzitsi anatopa nane, nanenso ndinatopa nawo. Pano ndimanyamula makatoni kumalo osungira katundu.

Pabalaza pathu pali thanki yagalasi, yaitali ngati sofa ya anthu awiri, ya madzi amchere amene timasakaniza tokha m'ndowa. Anthu akutchalitchi akabwera kudzacheza amaseka. Amati Mmalawi wamtundu wanji wosunga nsomba zosadyedwa, komanso zosakhala za kwathu. Malume ankangoti, "Za kwathu n'zolimba, ngakhale muziiwale sabata yonse sizifa. Ine ndimakonda zovuta." Akatero ankayang'ana ine, anthu n'kusekanso kachiwiri.

M'thankimo munali tinsomba tiwiri ta olenji ta mizere yoyera, kena kabuluu kokonda kubisala, kankhanu kaja, ndi iyo imene tinkangoitcha yamlomo. Inali yaphanthiphanthi ngati chikhatho, yoyera, mizere ya olenji itatsika kuchokera pamsana, chakumchira kuli kadontho kakuda ngati diso lachiwiri, kutsogolo mlomo wautali wosongoka ngati nsonga ya bolopeni. Nsomba za mtundu umenewu sizichedwa kufa. Zambiri zikangochotsedwa m'nyanja zimakana chakudya mpaka kutheratu. Ya malume inakhala zaka zambiri, ndipo inkadyera pazala zawo. Iwo atagwa ndi sitiroko inayamba kunyanyala. Ndinkaviika dzanja m'madzi nditagwira tizilombo touma mufiriji timene inkadya, iyo n'kubwera, n'kuyang'ana zala zanga, n'kubwerera. Inali itakalamba, sindikana, koma mpaka lero ndimakhulupirira kuti inkafuna mwiniwake.

Nsomba imeneyo ndinkaidziwa bwino chifukwa cha mkwiyo wanga womwewo. Ndikabwera kunyumba nditapsa mtima, malume sankandilalatira. Ankakoka mpando n'kuuika kutsogolo kwa thanki. "Khala apa mphwanga. Uone mmene ikupumira. Ukamaliza undiuze." Poyamba ndinkaona ngati akundinyoza. Koma nsomba siipenyeka munthu ukupupuluma, imabisala, ndiye ndinkadekha ndisakufuna. M'kupita kwa nthawi anayamba kunditenga akamapita kokagula nsomba, ndipo tinkatha kukhala m'sitolo masana onse n'kubwerako chimanjamanja. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero tili m'basi, ine njala itandipha.

Tsiku limene inafalo ndinaitana anti.

"Anti, yamlomo yafa."

Anatuluka kukhitchini akupukuta manja pachitenje, anasuzumira m'thanki, kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe, pakamwa pakopo. Malume ako asamve."

"Nanga akafunsa?"

"Wodwala sauzidwa maliro, sukudziwa? Kwathu ngakhale mayi ako enieni amwalire, iwe uli pabedi lachipatala, amakuuza kuti akupereka moni. Ukawauza, bipi n'kukwera, wapha ndiwe."

Anatenga kachidebe ka majarini kopanda kanthu, anandiuza kuti ndivuule nsombayo, n'kukaiika mufiriji youmitsa, pakati pa nkhuku ndi usipa umene mayi wina anatibweretsera kuchokera kumudzi. "Tikagula ina yofanana," anatero. "Iyi tisunge, tikayerekezere mizere."

Malume anagonekedwa kuchipatala chachikulu cha ku Romford. Mbali yakumanja inali itafooka, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka limodzilimodzi. Kumeza kunkawavuta, ndiye ankapatsidwa chakudya chopota ngati cha khanda, iwo n'kumatembenukira kukhoma. Anti ankakhala pambali ndi supuni kuwanyengerera mpaka nthawi yoona odwala kutha. Tsiku limene anamaliza theka la mbale, anti anaimbira foni mpingo wonse. "Ayamba kudya! Munthu akayamba kudya ndiye kuti wabwerera." Madokotala nawo anati akapitiriza choncho atuluka Loweruka.

Koma nthawi zonse tikangokhala pansi, funso lawo linali limodzi.

"Yamlomo... ikudya?"

"Ili bwino, inu ingochirani," ankayankha anti. Ine n'kumayang'ana nsapato zanga.

Ndinaimbira masitolo a nsomba ambirimbiri pa nthawi yopuma kuntchito. Ena analibe, ena ankati mtundu umenewo anasiya kuitanitsa chifukwa umangowafera. Mpaka Lachinayi m'pamene sitolo ina ya ku Romford komweko inati ili nazo ziwiri. Lachisanu ndinapempha kuweruka masana, ine ndi anti tinakwera sitima ya Elizabeth, kachidebe kaja nditakakulunga m'thaulo n'kukaika m'chikwama. M'sitimamo munali motentha. Ndinkangopisa dzanja m'chikwama kumva ngati kayamba kusungunuka, mtima ukuti kanunkha tsopano, anthu ayamba kutiyang'ana.

Sitoloyo ili m'kanjira kuseri kwa msika. Mkati muli mdima wabuluu, mapampu akung'ung'udza mbali zonse, fungo la mchere ndi chinyezi. Wogulitsa anali mzungu wina wachikulire wa ndevu, malaya atanyowa mpaka m'zigongono, akuthamanga pakati pa makasitomala. Anatilozera ndi chibwano mathanki awiri oyandikana. Nsombazi amazisiyanitsa chifukwa zikakhala pamodzi zimamenyana.

Anti anaiona ndisanaione ine. "Ambuye! Ndi yomweyo!"

Ndipo inalidi ngati yomweyo. Kukula kwake, mizere yake, kadontho kaja. Anti anandilanda chikwama, anatsegula kachidebe pomwepo, n'kugunditsa nsomba yakufa pagalasi kuti ayerekeze. Wogulitsa akudutsa ndi ndowa anaima, n'kufunsa m'Chingerezi ngati tabwera ndi kamba wathu. Anti anaseka. Ine sindinaseke.

"Taona kufatsa kwake," anatero anti. "Sidzavutitsa anzake imeneyi. Maso owala, mamba osasupuka. Ndiye taona makhawo, akuchita kuonekera kufiira kwake. Yabwino kwambiri. Ine nsomba ndinayamba kugula kumsika wa Limbe iwe usanabadwe. Muitane bamboyo aikulunge."

Anti sankanama. Kumsika nsomba yabwino ndi imeneyo: ukatsegula makha, malo opumira aja a m'mbali mwa mutu, ukapeza ofiira, umadziwa kuti yavuulidwa lero. Koma kumsika nsomba imakhala yakufa ndipo makhawo umatsegula wekha ndi chala. Iyi inali yamoyo, ndipo inkawatsegula yokha, kwambiri, mothamanga, ngati munthu amene wathamangira basi n'kuiphonya. Ya malume ikamapuma sunkaona kufiira kulikonse. Timbale tovindikira makha ake tinkangotukuka pang'ono, pang'onopang'ono, ngati chifuwa cha mwana wogona.

Ndinanjuta kutsogolo kwa galasi.

Ndinkafuna kuti ikhale bwino, ndisaname. Ndinadziuza kuti mwina yachita mantha ndi ife, tikatalikira idekha. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinakaima pa mashelefu a zakudya ngati ndikuwerenga mapaketi, diso lili komweko. Sinasinthe. Inangokhala pakona pamene madzi amatulukira m'paipi, mutu utaloza m'mwamba pang'ono. Nsomba ya mtundu umenewu siyenera kukhala phee. Ntchito yake tsiku lonse ndi kuyendayenda m'miyala, kulowetsa kamlomo kaja m'timabowo kufunafuna chakudya. Kufatsa kumene anti ankakuyamikira ine kunkandiopsa.

Ndinadikira kuti itembenuke indiyang'ane maso ndi maso, poti malume ankati nsomba yowonda siioneka m'mbali. Itatembenuka ndinaona pamwamba pa maso, kuseri kwa mutu, pali polowa mbali zonse ziwiri, ngati wina anaitsina ndi zala pamenepo osabwereranso. Kenako inagwedeza mutu, kawiri, mwadzidzidzi, ngati ntchentche yailowa m'khutu. Pachipsepse chakumanzere panali kadontho koyera kochepa ngati kambewu ka mchere. Mwina kanali kathovu. Mwina kamchenga. Ndinakayang'ana mpaka maso kulira, kudikira kuti kachoke ikasuntha. Sikanachoke.

"Iwe, tikagona kuno?" anatero anti. "Nthawi yoona odwala ikwana."

"Dikirani kaye anti."

"Tidikire chiyani? Ukufuna ikupatse moni?"

Ndinaitana wogulitsa uja. Ndinamufunsa kuti imene tinkaiyang'anayo, yaikulu mwa ziwirizo, inabwera liti. Anati sabata yatha. Ndinafunsa ngati ikudya. Anati inadya m'mawa.

"Ndiione ikudya," ndinatero.

Anati amadyetsa m'mawa mokha, akamadyetsa kasitomala aliyense akapempha madzi aonongeka. Anayankhula akuyang'ana kwina, kumene mayi wina ankamukodola. Anawonjeza kuti pali munthu wina anaimba kufunsa nsomba yomweyo, akubwera madzulo, ndiye ngati tikuifuna tinene.

"Wamva?" anatero anti m'Chichewa. "Atilanda. Mawa malume ako akutuluka, akapeza thanki yopanda kanthu. Ukufuna zimenezo?"

Ndinamva kutentha kuja kukukwera kuchokera pachifuwa kupita m'makutu. Ndimakudziwa, kukayamba mawu a anthu amamveka patali. Ndinamutsatira bamboyo mpaka pakauntala. Ndinamufunsa ngati akundiona ngati chitsiru, ngati akuganiza kuti poti ndavala jekete la kuntchito ndiye andigulitsa chilichonse. Anati ndichepetse mawu. Munthu akandiuza kuti ndichepetse mawu m'pamene amakwera. Ndinamenya kauntala ndi chikhatho, phaa! Anti anali ataika kachidebe kaja pomwepo osatseka bwino. Kanadumpha, kanagudubuzika, yamlomo n'kutsetsereka pakauntala mpaka kukaima pafupi ndi dzanja la bamboyo.

Sitolo yonse zii. Nsomba za m'mathanki apafupi zinali zitathawira m'miyala.

"Iwe! Ukufuna apolisi?" ananong'ona anti, atandigwira lamba kumbuyo. "Amuna anga m'chipatala, iwe m'selo, ine ndizipita kuti?"

Dzanja linkandiwawa. Ndinkadikira kuti bamboyo anene kuti tituluke. Koma iye ankayang'ana nsomba yakufayo. Anaitembenuza ndi chala, anayang'ana kamlomo kake, n'kufunsa kuti tinakhala nayo nthawi yaitali bwanji. Ndinamuuza. Anakweza nsidze. Anafunsa kuti inali ya ndani, ndipo anti ndi amene anafotokoza, m'Chingerezi chawo chakutchalitchi, za sitiroko, za mawa, zonse. Bamboyo anaitola nsombayo. Anaibwezera m'kachidebe bwinobwino, anatseka, n'kupita kumbuyo. Anabwerako ndi kakapu ka madzi muli tizilombo tija tasungunuka.

"Ukagogodanso kauntala yanga utuluka," anatero. "Tiye."

Anathira pang'ono m'thanki ya yaikuluyo. Tizilomboto tinamwazika m'madzi, tina n'kudutsa pamlomo pake penipeni. Ndinasiya kupuma. Inatitsatira ndi diso. Inasuntha pang'ono, inatola kamodzi.

"Yadya!" anakuwa anti. "Waona? Yadya!"

Inakalavula. Kanatuluka kathunthu, n'kutengedwa ndi madzi. Sinakatsatire. Inabwerera pakona paja n'kupitiriza kupuma kwake kothamanga kuja. Tinadikira. Chakudya chonse chinamira, tinkhono ta pansi n'kuyamba kuchikwawira. Wogulitsa anakanda ndevu n'kunena motsitsa mawu kuti dzulo inatolako pang'ono. Zoti inadya m'mawa sanazibwerezenso.

M'pamene ndinayang'ana bwino m'thanki yachiwiri. Inayo inali kakang'ono, kosaposa bisiketi. Nthawi yonseyi kanali kalikiliki m'miyala, kujompha apa, kujompha apo, osatilabadira n'komwe. Ndinapempha kuti akathirirenso. Chakudya chisanafike pakati pa madzi kanali katafika kale. Kanatola, kanameza, kanatolanso, kanathamangitsa kena mpaka pagalasi. Ndinakayang'ana kutsogolo: mutu wodzaza, wosatsinika. Kamlomo kosasupuka, kotseka bwino. Zipsepse zoonekera ngati galasi, zopanda kadontho. Makha sankaoneka n'komwe.

Anti anaona nkhope yanga.

"Ayi," anatero. "Kamenekotu ayi. Malume ako akangolowa pakhomo adziwa kuti si ija."

"Eya, adziwa."

"Ndiye ukuganiza chiyani? Tigule yaikuluyo. Ingokhala sabata imodzi basi, iwo alimbe kaye. Ikadzafa tidzawauza kuti yafa lero, ali kunyumba, ali ndi mphamvu."

Ndinaganiza. Sizinali zopusa zimene ankanena, ndipo kwa kanthawi ndinatsala pang'ono kuvomera. Kenako ndinaona pabalaza pathu m'maganizo. Mpando wa malume tinali titausuntha kale kuuika moyang'ana thanki, poti munthu wosayenda bwino akhala pamenepo tsiku lonse. Munthu amene anandiphunzitsa kuona kupuma kwa nsomba akakhala pamenepo kuyang'ana makha aja akutseguka ngati zitseko. Akaviika dzanja lakumanzere, iyo osabwera. Ndiye kadontho kaja. Ife tilibe thanki ina yosungiramo nsomba yatsopano payokha, fulati yathu ndi yaing'ono. Kakakhala kuti ndi matenda opatsirana a timadontho toyera, sabata isanathe tiwiri ta olenji tiyamba kudzikhula pamiyala, kabuluu katsatira. Akaziona zikufa imodziimodzi ali pampando, osatha kudzuka kuti achitepo kanthu.

Ndinawauza anti zonsezi. Anati ndikukokomeza, ndimakonda kukokomeza kuyambira ndili mwana.

"Anti," ndinatero, "malume atatembenukira kukhoma kukana supuni, inu munkati ali bwino?"

Anandiyang'ana ngati andimenya mbama. Anayang'ana nsomba yaikulu ija, chakudya chitagona pansi pake.

"Usandiphunzitse za amuna anga, wamva? Mwana wopanda ulemu." Anamanga mpango wawo pakhosi. "Ukawauza wekha. Ine mulibemo. Chikachitika china chake ukaimbire wekha mayi ako, uwauze zimene wachitira mlongo wawo."

Anatuluka. Ndinapempha wogulitsa kuti andisungire kakang'onoko, ndibweranso tsiku lina ndidzakaone kakudyanso. Anamata kapepala pagalasi. Za yaikuluyo anati aichotsa aisunge kumbuyo. Kaya anachitadi, sindikudziwa.

M'basi yopita kuchipatala anti anakhala kutsogolo, ine kumbuyo, chikwama chili pamiyendo. Thaulo linali litanyowa. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti nanga ngati ndalakwitsa. Mwina kadontho kaja kanali kamchenga. Mwina mawa ikanadya. Ine ndine ndani, wonyamula makatoni, kuti ndiike moyo wa munthu pachiswe chifukwa cha kupuma kwa nsomba? Basi ikaima pa sitepe iliyonse ndinkati nditsike, ndithamange, sitolo sinatseke. Sindinatsike.

Tinawapeza malume atakhala tsonga, akudya yogati ndi dzanja lakumanzere, ina itadontha pathaulo la pachifuwa. Anti anawapatsa moni n'kukaima chapatali pafupi ndi katani, manja atapinda. Ine ndinakoka mpando n'kukhala pansi pafupi ndi bedi. Sindinayambe ndanenapo maliro. Chimene ndinkadziwa n'chakuti kwathu sumafikira kunena, umayamba patali.

"Yamlomo... ikudya?"

"Malume," ndinatero, "yamlomo ija yafooka kwambiri."

Anaika supuni pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Yafooka," anabwereza.

"Eya."

"Liti?"

Munthu wakwathu safunsa kuti liti ngati sanamve kuti zatha. "Sabata yatha," ndinayankha.

Anatseka maso. Ndinapezeka ndikuyang'ana chifuwa chawo, kukwera ndi kutsika kwake, mtsempha wa pakhosi, kunjenjemera kwa mlomo, monga mmene ndinkayang'anira m'thanki muja. Kupuma kunathamanga. Misozi inatuluka diso limodzi, la mbali yofooka, n'kutsikira kukhutu. Anti anabwera msangamsanga kudzawagwira dzanja. "Ndinanena ine," ankatero, osayang'ana aliyense, "ndinanena ine." Ndinayang'ana batani loitanira anesi, chala chili pafupi.

Pang'onopang'ono chifuwa chinatsika. Anatsegula maso.

"Ili... kuti?"

Ndinayang'ana anti. Anti anayang'ana kudenga. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa kachidebe kaja kakudontha, n'kukatsegula pang'ono pansi pa tebulo lawo kuti anesi asaone. Malume anasuzumira. Anaigwira pamsana ndi chala chimodzi. Kenako anawerenga zolembedwa pachivindikiro, n'kutembenukira kwa anti.

"Ine... ndikadzafa... musadzandiike m'majarini."

"Asa, inunso!" anatero anti, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Zoyankhula zimenezo m'chipatala?"

Ndinawafotokozera za kusitolo, kusiyapo za kauntala. Anamvetsera maso ali pa ine.

"Yaikulu... inalavula?"

"Inalavula."

"Kakang'ono?"

"Kanadya. Kanachita kuthamangitsa."

"Masiku... angati?"

"Lero lokha."

"Upitenso."

Yogati ija sanaimalize. Anti anayesa kuwapatsa supuni, iwo anapukusa mutu n'kutembenukira kukhoma. Chimenecho ndi chimene chinandipweteka kuposa misozi ija. Pobwerera anti sanandiyankhule mpaka ku Ilford, ndipo potsegula chitseko cha fulati anangoti, "Akasiya kudya, ndiwe."

Loweruka sanatuluke. Bipi inali itakwera, ndiye madokotala anati awaone kaye. Anti atandiuza pafoni ndinali kuntchito, ndinalowa m'chimbudzi n'kukhala pamenepo mutu uli m'manja mpaka bwana kudzagogoda. Sindinamutukwane. Mphamvu yake ndinalibe. Madzulo ndinapitanso kusitolo kuja monga ananditumira. Thanki ya yaikulu ija inali yopanda kanthu, ndipo sindinafunse. Wogulitsa atangondiona anakatenga yekha kakapu. Kakang'ono kaja kanadya ngati dzulo. Ndinakajambula pafoni kakudya, n'kupita nako kuchipatala.

Malume anaonera kanemayo kangapo, akundiuza ndi chala kuti ndibwezerenso. Pambali pawo panali mbale ya mbatata yopota, yosakhudzidwa. Ine ndinkayang'ana mbaleyo, anti nawonso ankayang'ana mbaleyo. Atatopa kuonera anandibwezera foni, anakhala pang'ono, kenako anafunafuna supuni ndi dzanja lakumanzere. Anti anatembenukira kuwindo kuti asaoneke nkhope.

Anatuluka mkati mwa sabata yotsatira. Yakale ija tinaikwirira mumphika wa maluwa pakhonde, iwo akuonera pawindo. Yatsopano ndinakaitenga iwo ali kale pampando wawo, kuti aone okha thumba lake likuyandama m'thanki kuti izolowere madzi, andiuze okha nthawi yoitulutsa. Anandichedwetsa mpaka mkono kuchita dzanzi.

Anti mpaka lero amauza anthu akutchalitchi kuti ndinatsala pang'ono kuwaphera amuna. Sindiwatsutsa, poti bipi inakweradi. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimanjutabe pagalasi kuyang'ana zipsepse za tonse, kufunafuna kadontho, kenako ndimayang'ana mbale ya malume. Akamaliza kudya ndimawakokera mpando pafupi, ndimawapinda malaya, iwo n'kuviika dzanja lakumanzere m'madzi atagwira tizilombo tija. Dzanjalo limanjenjemera, ndiye chakudya chambiri chimapulumuka. Kansombako kamatola zimene zapulumukazo. Pazala sikanafikebe. Kamaima pataliko pang'ono n'kumayang'ana, iwo n'kumadikira, madzi akutsikira m'chigongono.